Ndani akulipira PhD yanuyo?

Kalatayo inabwera pa imelo usiku, ndipo ndinaiwerenga chiimirire. Mzere woyamba unali uja amaulakalaka aliyense wofuna PhD: ndife okondwa kukudziwitsani kuti takupatsani malo. Dzina langa linalipo, mutu wa kafukufuku unalipo, dzina la pulofesa wodzandiyang'anira linalipo, ndi tsiku loyambira lomwe. Kutacha ndinaimbira foni aphunzitsi anga akale, amene anandiyang'anira pa masters ya masamu.

Anandiyamikira ndithu. Kenaka anakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga akulipira ndani, iwe?"

"Alemba kuti andipatsa malo, bambo."

"Za malo ndamva. Ine ndikufunsa za ndalama. Tawerenga tsamba lachiwirilo ndimve."

Tsamba lachiwirilo linali ndi fizi ya chaka chimodzi, tsiku lomaliza kulipira gawo loyamba, ndi chiganizo chondiuza kuti ndisanapemphe viza ndionetse umboni woti ndili ndi ndalama zodzisamalira. Za thandizo panalibe ngakhale liwu limodzi. Nditawalembera kufunsa, anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti ndalama za chaka chimenecho anagawa kalekale, ndipo fomu yake inali ina, yokhala ndi tsiku lake lotsekera.

PhD ndinadzaichita kwina, yolipiridwa, m'nthambi ya masamu amene amathetsedwa ndi kompyuta. Koma funso la aphunzitsi anga lija silinandichoke. Lero mnyamata kapena mtsikana akanditumizira kalata yake ali wosangalala, ndimamuyamikira kaye, kenaka ndimafunsa funso lomwelo, ndipo ndimamva mawu ake akuzilala pa foni ngati mmene anazilalira anga.

## Opereka malo ndi ena, opereka ndalama ndi ena

M'mayunivesite ambiri, makamaka a ku Britain ndi otsatira dongosolo lawo, ofesi yoona ngati ukuyenera kuphunzira si yomwe imagawa ndalama. Yoyambayo imayang'ana magiredi ako, Chingerezi chako, ndiponso ngati pali pulofesa wovomera kukutenga. Zikakwana, kalata imatuluka. Yunivesite siluza kanthu pokulandira, ukabwera ndi fizi yako ndiye phindu lake. Pulofesa nayenso akakulembera kuti ndi wokonzeka kukuyang'anira sakunama ayi. Walonjeza nthawi yake, osati malipiro ako. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo kalata ya malo yopanda mzere wa ndalama ndi fodya wapachala.

Ndalama za PhD zimachokera kwa eni ake atatu. Pali grant, ndiye kuti thumba la ndalama limene pulofesa anapambana yekha pa kafukufuku winawake. Pali thumba la dipatimenti kapena la pulogalamu yophunzitsa gulu la ophunzira pamodzi. Ndiye pali sikolashipu imene umaipeza wekha n'kupita nayo.

Ambiri timathamangira yachitatuyi chifukwa ndi imene ili ndi mayina otchuka. Commonwealth Scholarship yakhalapo kuyambira 1959. Gates Cambridge inayamba mu 2000 ndi mphatso ya madola 210 miliyoni yochokera ku Bill and Melinda Gates Foundation. DAAD ya ku Germany ndi yakale kuposa zonsezi, ya mu 1925. Ndi zabwino, ndipo yesani ndithu. Koma pamenepo mukupikisana ndi madokotala, maloya, a mbiri yakale, a zaulimi, aliyense ndi nkhani yake yogwira mtima, pamaso pa komiti imene mwina mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusiyana kwa masamu anu ndi a mnzanu. Mmene ine ndaonera, wa kompyuta ndi wa masamu mwayi wake waukulu uli pa ziwiri zoyambazo, zimene sizilengezedwa ndi zithunzi za ophunzira akumwetulira.

## Kumene PhD ili ntchito yolembedwa

Ku Netherlands ophunzira PhD ambiri ndi antchito a yunivesite. Amasaina kontrakiti ya zaka 4, amalandira malipiro okwera chaka ndi chaka, amadulidwa msonkho, ali ndi penshoni, ndipo pamwamba pake amalandira 8% ya tchuthi ndi 8.3% ya kumapeto kwa chaka. Malowo amalengezedwa pa tsamba la intaneti la AcademicTransfer ngati ntchito ina iliyonse. Chimene ambiri sachiona n'chakuti kontrakiti yoyamba imakhala yaifupi, ya chaka kapena miyezi 18, ndipo ikamatha amakhala pansi kuona ngati upitirize kapena ayi.

Ku Sweden ndi zaka 4 za kafukufuku, ndipo ukamaphunzitsako, mpaka 20% ya nthawi yako, zimakwana 5. Fizi kulibe, kaya wachokera dziko liti. Ku Norway ndi zaka 3, kapena 4 ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yako likupita ku ntchito za dipatimenti, ndipo malo ambiri mumawapeza pa Jobbnorge. Ku Denmark ndi zaka 3. Ku France nakonso ndi 3, kudzera ku mayunivesite, ku Inria (bungwe la boma lofufuza za kompyuta ndi masamu), kapena ku CIFRE, dongosolo loyambira mu 1981 limene kampani imakulemba ntchito n'kumagawana nawe ndi labu ya yunivesite.

Germany ili ndi kachinsinsi kake. Pa chilengezo mudzaona zilembo zoti TV-L E13, ndiye mulingo wa malipiro a boma, kutsatana ndi peresenti. A kompyuta nthawi zambiri amapatsidwa 100%, chifukwa makampani akuwalimbirana. A masamu kawirikawiri ndi 75%, nthawi zina 50%. Peresentiyo ndi ya malipiro chabe. Sindinaonepo wa 50% akuweruka masana.

America ndiye ina. Umafunsira ku dipatimenti osati ku pulojekiti, ungathe kulowa ndi digiri yoyamba yokha, ndipo zimatenga zaka 5 kapena 6, zoyambirira zili za makalasi ndi mayeso. Madipatimenti olimba amachotsa fizi ndi kukupatsa ndalama ya pamwezi, iwe n'kumaphunzitsa kapena kuthandiza pa kafukufuku wa pulofesa. Mafomu ambiri amatsekedwa mu December, ndipo amene walandira thandizo amapatsidwa mpaka 15 April kuti ayankhe.

Zonsezi ndinazidziwa pang'onopang'ono. Koma kuzimvetsa kwenikweni kunabwera tsiku limodzi, pa intaviyu.

## Chithunzi chimene sindinafune kuonetsa

Inali ya pa vidiyo, ya malo a PhD ku yunivesite ina ya ku Ulaya. Mbali inayo kunali anthu atatu: pulofesa, amene anali mayi wolankhula motsitsa, wofufuza wachinyamata amene anali atamaliza kale PhD yake, ndi munthu wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene anangopereka moni n'kumalemba. Wachitatuyu ndi amene anandidabwitsa. Ine ndinkadziona ngati wopempha sukulu, iwo anabwera kudzalemba munthu ntchito.

Anandipatsa mphindi khumi zofotokoza kafukufuku wanga wa masters. Unali wa mmene zinthu zoipa zimafalikira m'madzi a pansi pa nthaka. Masamu ake ndi ofanana ndi a kufalikira kwa kutentha m'chitsulo: umagawa mtunda m'tizigawo ting'onoting'ono, umagawanso nthawi m'timasitepe, kompyuta n'kumawerengera sitepe ndi sitepe. Ndinaonetsa zithunzi zosalala bwino, mizere yotsika mofatsa. Ndinali nditakonzanso mawu okoma onena za anthu amene adzamwe madzi abwino chifukwa cha ntchito ngati imeneyi.

Nditamaliza, pofunafuna tsamba lomaliza ndinadutsa pa zithunzi zimene ndinaziika kumbuyo, zongosungira. Wachinyamata uja anandiimitsa.

"Tabwererani pang'ono. Apo. Mzerewu bwanji ukudumphadumpha chonchi?"

Chinali chithunzi cha pamene pulogalamu yanga inapenga. Mzere umene umayenera kutsika mosalala unali kukwera ndi kutsika ngati mano a sowo, kumapeto kwake manambala atakula mopanda tanthauzo. Ndinayankha kuti sitepe ya nthawi inali itakula kwambiri.

"Kukula kufika pati? Muli ndi pepala pafupi? Talembani tione."

Ndinatenga pepala n'kulemba ndi dzanja lonjenjemera, kenaka ndinaliimika kutsogolo kwa kamera. Pa njira yosavuta imene ndinayamba nayo, αΔt/Δx² siyenera kupitirira theka (α ndi liwiro la kufalikirako, Δt ndi sitepe ya nthawi, Δx ndi kukula kwa kachigawo). Ikapitirira, tizolakwa ting'onoting'ono timakula pa sitepe iliyonse mpaka kumeza yankho lonse. Mfundo yoti sitepe ya nthawi ndi kukula kwa tizigawo ziyenera kugwirizana ndi yakale, Courant, Friedrichs ndi Lewy anailemba mu 1928, makompyuta kulibe.

"Chabwino. Mukachepetsa tizigawoto ndi theka?"

"Sitepe ya nthawi iyenera kuchepa kanayi. Tizigawo tachuluka kawiri, masitepe achuluka kanayi, ndiye ntchito yonse yakula kasanu ndi katatu."

"Ndiye munatani?"

Ndinafotokoza kuti ndinasamukira ku njira ya Crank ndi Nicolson, ya mu 1947, imene sipenga ngakhale sitepe ikule, koma imafuna kuti pa sitepe iliyonse uthetse ma equation onse pamodzi. Pa mzere umodzi zimenezi n'zotsika mtengo, kompyuta imangodutsamo kamodzi kutsika ndi kamodzi kukwera.

Apa m'pamene pulofesa analowererapo koyamba. "Nanga nthaka yeniyeni, ya mbali zitatu, yokhala ndi zosadziwika mamiliyoni, pena mchenga pena mwala?"

Ndinakhala chete kanthawi. Kenaka ndinati, "Kumeneko sindinafikeko, a Pulofesa. Ndikanayesa njira zobwerezabwereza, monga conjugate gradient. Koma ndinawerenga kuti tizigawo tikamachepa nazonso zimayamba kuchedwa, ndipo chimene chimazifulumizitsa ndangochimva dzina."

Mayiyo anaseka, osati mondinyoza. "Pamene mwaimapo, ife m'pamene anatipatsira ndalama," anatero. Ndiye anatsegula chikalata pa kompyuta yawo kuti tonse tizione.

Linali tebulo la grant yawo. Ntchito yonse inagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chili ndi mwezi woyambira, mwezi womalizira, ndi chimene analonjeza kukapereka kwa eni ndalama. Anaika kamuvi pa mzere wachitatu. Unali wa ma preconditioner, njira zosinthira ma equation kuti kompyuta iwathetse msanga, pa nthaka yosakanikirana. Kumapeto kwa mzerewo, pamene ena panali mayina a anthu, panalembedwa kuti wophunzira wa PhD wachiwiri.

"Munthu uyu ali ndi malipiro, ali ndi desiki, ali ndi ndalama zopitira ku misonkhano," anatero. "Chimene alibe ndi dzina."

Za madzi abwino zija palibe anandifunsa. Mphindi zambiri za intaviyuyo zinathera pa chithunzi chimene ndinachibisa kumbuyo.

## Pulofesa nayenso ali ndi ngongole

Kuchokera tsiku limenelo zilengezo za PhD ndimaziwerenga mwina. Pulofesa amene ali ndi grant sali pa mpando wogawa chifundo. Analonjeza anthu ena kuti pofika mwezi wakutiwakuti adzakhala atathetsa vuto lakutilakuti, anasaina, ndipo nthawi ikuyenda. Akusowa manja. Mantha ake aakulu ndi kulemba munthu amene adzathawe zinthu zikavuta chaka chachiwiri, kapena wobisa zotsatira zoipa mpaka madzi atafika m'khosi. N'chifukwa chake chithunzi chopenga chija chinawakopa kuposa zosalala. Zosalala aliyense ali nazo. Iwo amafuna kuona ngati ndikudziwa chimene chinachititsa, ndiponso ngati ndingathe kunena poyera pamene nzeru zanga zathera.

Izi zimasintha kalata yofunsira. Makalata ambiri amene ndimawerenga amayamba ndi ubwana, mmene munthu anakondera masamu ali wamng'ono, n'kuthera pa kutukula dziko. Pulofesa wawerenga oterowo ambirimbiri sabata yomweyo. Chimene akufunafuna ndi ichi: munapanga chiyani ndi manja anu, munalemba mu Python, mu C++ kapena mu Julia, chinavuta pati, ndipo chikukhudzana bwanji ndi mzere wake wachitatu uja. Ngati khodi yanu ili pa GitHub, tsamba limene anthu amaikapo mapulogalamu awo, ikani linki yake m'kalatamo, ngakhale ili yaing'ono, bola ikhale yoti wina angathe kuiyendetsa.

Zimasinthanso kumene umasakira. Ndalama za kafukufuku zambiri ndi za boma, ndiye sizibisika. Mapulojekiti a European Union ali pa tsamba la intaneti la CORDIS, ndi tsiku loyambira ndi kuchuluka kwa ndalama. A ku Britain ali pa Gateway to Research, a ku America pa Award Search ya NSF, bungwe la boma lolipira kafukufuku wa sayansi. European Research Council, imene inayamba mu 2007, chaka chilichonse imatulutsa mayina a amene apambana, ndipo Starting Grant yake imafika mayuro 1.5 miliyoni pa zaka 5. Wofufuza wachinyamata amene wangolandira ndalama zoterozo sangazidye yekha. Miyezi ikubwerayo adzalemba ophunzira, ndipo nthawi zambiri sanatchuke mokwanira kuti imelo yake isefukire.

Njira ina ndi yophweka kwambiri. Pitani pa arXiv, tsamba limene ofufuza amaikapo mapepala awo kwaulere, tsegulani pepala la nkhani imene mumaikonda, pitani kumapeto, pa ndime yothokoza. Pamenepo amalemba amene analipira ntchitoyo, ndi nambala ya grant yomwe. Mukatero mwadziwa kuti gululo lili ndi ndalama zochokera kuti, ndipo mungathe kufufuza kuti zidzatha liti.

Imelo yopita kwa munthu woteroyo ikhale yaifupi. Mwawerenga pepala lake liti, mbali iti inakuvutani kapena inakusangalatsani, inu munapangapo chiyani chofananirako, ndipo kodi akuyembekeza kulemba ophunzira chaka chino. Ambiri sayankha, ndipo si chipongwe. Koma imelo imene munthu watumiza kwa apulofesa makumi angapo atangosintha dzina imadziwika pa mzere woyamba.

## Mtengo wake wa funso la mwini

Ndisakometse mopitirira. Ukalowa pa grant ya wina, funso si lako. Ine ndinkafuna za madzi, ndinathera zaka pa ma preconditioner, ndipo panali miyezi imene ndinkaona kanjira kena kosangalatsa koma tebulo lija limati ayi, mwezi uno tikupereka lipoti. Supavaiza wabwino amakusiyira mpata chaka chachitatu kuti utsate zako. Wina sakusiyira.

Apa a masamu ndi a kompyuta amasiyana. Ku America, dipatimenti ya masamu kawirikawiri imakulipira chifukwa chophunzitsa, poti ophunzira a calculus sadzatha. Ndalama n'zochepa ndipo kuchonga mayeso kumatopetsa, koma sizidalira pulofesa mmodzi, ndiye ukasemphana naye ungathe kusintha osataya chakudya. Ku kompyuta ambiri amadya za grant ya supavaiza, ndalama n'zabwinoko, koma moyo wako wamangirirwa pa munthu mmodzi. Kafalitsidwe ka zotsatira nakonso n'kosiyana. A kompyuta amathamangira masiku otsekera a misonkhano monga NeurIPS ndi ICML, chaka chawo chimayendera masiku amenewo. A masamu amatumiza ku majenolo n'kudikira miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka.

Ndipo kunena zoona, pakadali pano aliyense akuthamangira machine learning, kuphunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu poionetsa zitsanzo zambirimbiri. Mpikisano wake ndi woopsa, ena amafunsira PhD ali kale ndi mapepala ku misonkhano ikuluikulu. Pulogalamu ya ELLIS, imene imakulumikiza ndi alangizi awiri a m'mayiko osiyana a ku Ulaya kudzera pa fomu imodzi, ndi yabwino, koma khomo lake ndi lopapatiza. Pambali pomwepo pali malo a numerical analysis, optimization, formal verification, masamu a kafalidwe ka matenda ndi a zanyengo, amene apulofesa ake amadandaula kuti ofunsira odziwa masamu mokwanira ndi ochepa. Ngati linear algebra ndi analysis munazigwira bwino, musadziderere chifukwa simunaphunzitsepo kompyuta kuzindikira amphaka.

## Zilembo zing'onozing'ono

Mawu oti malo ndi olipiridwa mokwanira ali ndi mafunso ake.

Ku Britain, ndalama za UKRI, bungwe la boma lolipira kafukufuku, zinatsegulidwa kwa ophunzira akunja mu 2021, koma akunjawo sangapitirire 30% ya malo. Ndalama ya pachaka yodzisamalira inali mapaundi 19,237 mu 2024/25 ndipo inakwera kufika 20,780 mu 2025/26, yosadulidwa msonkho. Vuto lili pa fizi. UKRI imalipira pa mlingo wa nzika, pamene wakunja amalipiritsidwa wokwera kwambiri. Mayunivesite ena amakhululuka kusiyanako, ena ayi, ndiye funsani ndipo yankho libwere polemba. Palinso ndalama ya zaumoyo yolipira pamodzi ndi viza, mapaundi 776 pa chaka kwa wophunzira kuyambira February 2024, ndipo amafuna ya zaka zonse nthawi imodzi, musanalandire ndi kobiri lomwe. A masamu ndi a kompyuta ochokera m'mayiko ambiri amafunikanso chiphaso cha ATAS viza isanatuluke, chimene chimatenga masabata.

Malo a Marie Skłodowska-Curie Doctoral Networks, amene amalengezedwa pa tsamba la EURAXESS, ali m'gulu la olipira bwino ku Ulaya, ali ndi ndalama yowonjezera ya amene ali ndi banja, ndipo safunsa za dziko lako. Lamulo lake ndi la kusamuka: usakhale utakhala m'dziko limene ukupitalo miyezi yopitirira 12 pa miyezi 36 yapitayo. Kwa wochokera kutali lamuloli ndi bwenzi. Limagwira amene wangomaliza masters ya zaka ziwiri m'dziko lomwelo.

Zina n'zazing'ono koma zimagwetsa anthu. NSF Graduate Research Fellowship ndi ya nzika za America ndi okhazikika kumeneko, musataye nayo nthawi. Zotsatira za IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Ku America kulipira pofunsira n'kwachizolowezi, ngakhale madipatimenti ambiri amakhululuka ukapempha msanga. Koma malo olengezedwa ngati ntchito ku Ulaya salipiritsa munthu kuti afunsire, ndiye amene akukuuzani kuti mumupatse kenakake kuti akupezereni malo otero akukudyerani masuku pamutu.

Makalata a umboni ndiwo ambiri amawachedwetsa. Amafunika awiri kapena atatu, ndipo kalata yonena kuti munthuyu ndi wakhama ndi waulemu sithandiza. Yothandiza ndi yonena kuti anathetsa vuto ili, mwa njira iyi, ndipo poyerekeza ndi ena amene ndawaphunzitsa ali apa. Auzeni aphunzitsi anu mwezi wathunthu nthawi isanakwane, muwatumizire chilengezocho ndi chikumbutso cha zimene munachita nawo. Apa m'pamene masukulu olumikiza amathandizira. AIMS, imene Neil Turok anaiyambitsa ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town mu 2003 ndipo tsopano ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imapereka masters yolipiridwa yophunzitsidwa ndi akatswiri obwera kuchokera m'mayiko ambiri. ICTP ya ku Trieste, imene Abdus Salam anaiyambitsa mu 1964, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi yokonzekeretsa anthu PhD. Maphunziro ake ndi olimba, komanso umatulukako ndi kalata yolembedwa ndi munthu amene komiti ikumudziwa.

## Akakufunsani ngati muli ndi funso

Kumapeto kwa intaviyu amatembenuza mpando n'kukufunsa ngati nawe uli ndi funso. Ambiri timathokoza n'kunena kuti zonse zamveka, poopa kuoneka adyera. Koma amene ali ndi ndalama zenizeni sakhumudwa ukafunsa za ndalama, amangotsegula tebulo. Wozembazemba ndi amene wakuuza kanthu.

Pemphani kulankhula ndi ophunzira ake, iye palibe. Afunseni kuti amakumana naye kangati, amatenga nthawi yaitali bwanji kuwerenga zimene alemba, ndipo amene anatsogola ali kuti lero. Ngati pali wina anasiyira panjira, funsani chifukwa chake. Wophunzira akayamba yankho ndi kupuma kwautali, mvetserani kupumako.

Ndiye funsani za mwezi wotsiriza. Malo ambiri ku Ulaya ndi a miyezi 36, koma kafukufuku wa masamu sayendera kalendala ya eni ndalama. Umboni wa masamu (proof) umene unkaoneka wa masabata awiri umatha kudya theka la chaka, jenolo imachedwa, makina akuluakulu owerengera amakhala ndi mzere. Ambiri miyezi 36 imawathera asanamalize kulemba, ndipo kwa wakunja malipiro akatha chilolezo chokhalira m'dziko nacho chimagwedezeka. Ine ndinafunsa kuti zikatero zimatha bwanji. Pulofesa anayang'ana wa ku ofesi uja, amene analankhula kachiwiri tsiku limenelo: dipatimenti inali ndi thumba la miyezi 6 yowonjezera, posinthana ndi kuphunzitsa kalasi imodzi, ndipo anati adzazilemba mu kontrakiti. Anazilembadi, pa tsamba lachitatu, ndipo miyezi imeneyo ndinadzaigwiritsa ntchito yonse.